Mawu Opanda Mnzake

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene asisi anga a Malita ankakonzekera kukakwatiwa ku Chipata. Ndiwo anandilera mayi atamwalira, choncho ndinafuna kuwatsanzika ndi ndakatulo ya Chingerezi, poti kusukulu kwathu ku Mkanda ndinali katswiri pa phunziroli.

Aphunzitsi athu, a Zulu, anali atatiphunzitsa kuti mizere ya ndakatulo ya Chingerezi imathera pa mawu omveka mofanana, monga "rain" ndi "pain". Mizere yoyamba inayenda bwino mpaka ndinalemba wakuti "My sister is leaving next month". Apo ndinaima, posowa mawu omveka mofanana ndi "month".

Mtendere unandithera. Pokumba mtedza ndinkangonong'ona "month, month", dothi lili m'zikhadabo. Ndinafunsa anyamata a kabaza, ndinafunsa wogulitsa nsalu pamsika, onse anangondiseka. Kunyumba ndinkalowa ndi kutuluka, osakhazikika.

"Iwe Yohane, wasanduka nkhuku yofuna kuikira?" anatero asisi. "Tabwera undithandize kusenda mtedzawu, ticheze."

"Ndikubwera, asisi," ndinayankha, koma sindinapite.

Potsiriza ndinakagogoda kwa a Zulu. Anandimvetsera akupopa njinga yawo.

"Mwanawe, mawu amenewo alibe mnzake," anatero. "Chimodzimodzi 'orange' ndi 'silver'. Koma si kufanana konse kumene kumakhala kwathunthu. Pali kwina kongoyandikira, monga 'month' ndi 'once'. Palinso kofanana m'maso mokha, monga 'love' ndi 'move'. Tenga koyandikirako, kapena usinthe mzerewo."

Ndinakana. Ndinkafuna ofanana ndendende, ndipo ndinapitiriza kusaka mpaka galimoto yodzatenga asisi inaima pabwalo.

Katundu atakwezedwa, asisi anandiitana. "Paja ndamva kuti wandilembera kanthu. Tawerenga."

Ndinawerenga, ndipo nditafika pa "month" ndinangoti zii.

"Yathera pomwepo?"

"Mawu otsatira kulibe, asisi."

Anandigwira kumutu ndi dzanja lonunkha sopo watsopano. "Chingerezicho sindinachimve chonse. Koma masabata onsewa ndimafuna iweyo pamkeka, osati pepala."

Galimoto inanyamuka, fumbi n'kutsekereza msewu wonse.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ana akakakamira pa "orange" ndimawauza kuti atenge mawu oyandikira, amalize. Ndinazindikira mochedwa kuti amene amadikira chinthu changwiro amapezeka kuti woti amupatse chinthucho wapita kale. Ndakatulo yopunduka ikanawakwanira asisi, bola ndikanakhala nawo pansi n'kusenda mtedza.