Mpando wa Agitala

Aneba anga, amene ana amawatcha Agitala, sadziwa kukhazikika. Akamayankhula amagwedeza bondo, akamamvetsera amagogoda tebulo. Kwa zaka makumi awiri akhala akutsogolera gulu la anthu anayi: iwowo pa gitala yopanda magetsi, mlamu wawo pa banjo, ndi amayi awiri apachibale amene amayimba motsitsa mawu ngati akugoneka mwana. Makampani akuluakulu a nyimbo sawafuna, iwonso sawasaka. "Nyimbo ikasalala kwambiri, yafa," amatero.

Amayeserera m'khitchini mwawo, khoma limodzi ndi chipinda changa. Ndimamva zonse, makamaka mpando wawo wakale umene umalira kwii, kwii, akamadzigwedeza poyimba. Ndinakadandaulapo kawiri.

Chaka chatha anapita ku situdiyo kukajambula chimbale chawo choyamba. Wojambula anawapatsa mpando wofewa, wosalira. Anayamba nyimbo kasanu, ndipo kasanu konse gulu linabalalika, aliyense liwiro lake. Wa banjo uja ndiye anazindikira vuto.

"Alamu, ife ng'oma tilibe. Zaka zonsezi takhala tikutsatira mpando wanu uja."

Agitala anabwerera kunyumba chothamanga, thukuta lili kamukamu, n'kusenza mpandowo pamutu. Tinakumana pageti.

"Mwaganiza zokautaya tsopano?" ndinawafunsa.

"Ayi, aneba. Woyimba wathu wachisanu tinamuyiwala, ndiye ndabwera kudzamutenga."

Chimbalecho ndinagula. Masiku amene apita kukayimba kutali, khoma langa likangoti zii, ndimasowa pogwira. Ndiye ndimachiyika n'kukweza mawu, koma si gitala imene ndimafuna kumva.