Kufunafuna mtchona m'mafamu a ku Halale

Sukulu itatsekera Khirisimasi, anzanga ananyamula masutikesi n'kupita kwawo. Ine kwathu kunali kutali, ku Nsaru, ndipo mishoni imene inanditumiza ku Halale kukaphunzira zauphunzitsi inkalipira ulendo wopita ndi wobwerera ndikamaliza, wapakati ayi. Ndikanangokhala pasukulu n'kumathirira maluwa a mphunzitsi wamkulu monga ankachitira anzanga ena a ku Nyasalande, koma ndinali ndi ntchito imene mayi anandipatsa.

Bambo anga anachoka ndikukwawa, akuti akukasaka ya msonkho, ndipo anatchona. Mayi anakhala zaka zonsezo ali mkazi wa munthu amene samuona, pakuti kwathu mkazi sakwatiwanso asanasudzulidwe. Panali bambo wina wa ku Kabudula, wofedwa mkazi, mlimi wa mtedza, amene anawafunsira. Ankhoswe anati ayi, ayambe walankhula mwini banja. Tsiku lonyamuka mayi anandiperekeza mpaka pamsewu nati, "Ukawapeza ukawauze abwere. Ngati sabwera, andisudzule. Ndatopa ine."

Tchuthi changa chinathera m'njira. Mvula inali itayamba, misewu ya m'mafamu ili matope okhaokha, nsapato za kusukulu ndazikoleka paphewa poopa kuti zingathe. Komboni iliyonse imene ndinafika munali anthu akwathu, ndipo aliyense ankawadziwa bambo anga. Wina akuti anagwira nawo chaka chatha, wina akuti anasamukira kuseri kwa phiri, wina akuti ndi amene amamanga njinga uja. Ndikafika kuseri kwa phiriko ankandilozera phiri lina. Kuti ndidye ndinkapalira nawo fodya, ine amene ndinathawa khasu n'kuthamangira mabuku. Akapitawo ankandiseka, "Aphunzitsi, mzere wanu wakhota!" Ine ndinkangopitiriza kupalira, mphamvu yokangana ndinalibe.

Bambo ndinawapeza madzulo ena ndatsala pang'ono kubwerera. Anali pakhonde akumata chubu cha njinga, munthu wamfupi, wa mphumi ngati yanga. Nditatchula mudzi wathu ndi dzina la mayi anaika chubu pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaitana mkazi wao wa konko, mayi wolankhula Chishona, kuti agwire nkhuku. Ana anayi ankandisuzumira pachitseko.

Anandilandira bwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka. Ndinkayembekeza chidakwa choti ndichikalipire, koma ndinapeza munthu waulemu wofunsa za aliyense, amene anamwalira, amene anakwatira, ngati dambo lathu likadali ndi madzi. Za mayi anangofunsa kuti, "Ali bwino amako?" Ndinakhala masiku angapo mawu ali pakhosi. Mwana amayamba bwanji nkhani ya banja la makolo ake?

Ndinalankhula akundiperekeza, tili awiri pakati pa minda. Ndinanena monga anandiuzira mayi, osawonjezera. Iwo anaima, nagwira chiwongolero cha njinga ndi manja onse.

"Kodi ankhoswe anatha kumudziko kuti atume mwana?"

"Malume akalamba, bambo. Mwendo unawavuta, ngakhale ku Namitete safika."

"Banja limatha ndi amene analimanga. Ine ndikakuuza iwe kuti ndawasudzula, ndani akamve? Abwere akuluakulu tidzakambirane."

Mtima unandiwawa. Ndinati, "Nanga mubwera liti?"

"Fodya akatha."

Ine ndinakulira m'fodya, ndikudziwa kuti satha. Ukamaliza kusankha wa chaka chino, nazale ya chaka chamawa yamera kale. Ndinalandira nthuli ya nkhuku imene mkazi wao anandikulungira, n'kuuyamba wobwerera kusukulu, mapazi ali ming'alu. Anzanga atabwera ankasimba za madyerero a kwawo, ine ndinangogona.

Chimene chimanditopetsa mpaka lero n'chakuti bambo sananame. Nditamaliza maphunziro n'kufika kumudzi, ndinafotokoza zonse pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Anagwedeza mitu n'kunena kuti mwamunayo walankhula zoona, mawu a mwana sathetsa banja. Palibe amene anadzipereka kuyenda ulendowo. Bambo wa ku Kabudula uja anadikira mpaka kutopa, nakakwatira kwina.

Mayi anamvetsera akusenda mtedza. Akuluakulu atachoka, mayi anandifunsa kuti, "Ndiye akuti ndidakali mkazi wao, eti?" Ndinavomera ndi mutu.

Mayi anamwalira patapita zaka zambiri, bambo osabwera. Tisanayambe kukumba manda, mkulu wina anaimirira n'kufunsa ngati uthenga wapita ku Halale, pakuti mkazi wamwini saikidwa mwamuna wake asanamve.