Mbande ya nachesi ku Monkey Bay

Tinanyamuka kwathu ku Ligowe, m'mapiri a ku Neno, kukungocha, ine ndi amayi anga, a Nangondo, pa njinga yamoto imodzi. Ine ndinanyamula chikwama, iwo atafukata mbande ya nachesi ya m'chubu ngati khanda. Ndinawauza kuti aisiye, anthu atiseka m'njira. Anangondiyang'ana ndi diso limodzi lomwe linkaonabe.

Ulendowu unali wa Esinati, mkulu wanga amene sindinamuonepo. Anamwalira ali ndi chaka chimodzi, nthawi imene bambo ankapenta sitima pa doko la Monkey Bay. Poti chiliza sakanachikwanitsa, bambo anadzala nachesi wa kwathu kumutu kwa manda kuti akhale chizindikiro. Kenaka ntchito inatha, anabwerera ku Neno, osapondakonso. Bambo anatisiya chaka chatha, ndipo ng'ala inali ikutseka maso a amayi. Iwo anati safuna kuti mdima uwapeze asanaone pamene pagona mwana wawo.

Pa boma tinakwera matola, K6,000 aliyense, n'kukhala pamwamba pa matumba a mbatatesi. Pofika pa Zalewa cha m'ma naini, fumbi linali litatidzoza mpaka m'nsidze. Kondakitala wa minibasi imene tinakwera pamenepo anati mbandeyo ndi katundu, ilipire. Ine pakamwa sindichedwa: ndinamufunsa ngati nayenso amalipirira fungo la m'khwapa mwake. Anthu anaseka, mbande inakwera ulere.

Titadutsa Balaka kutentha kunayamba, amayi n'kuvula juzi. Pa Liwonde tinagula chimanga chootcha, koma iwo anangoluma kawiri. Madzi awo akumwa anathirira mbande. Ku Mangochi ndinawalozera nsanja yakale ya wotchi pafupi ndi mlatho. Anati akuona chinthu chachitali basi.

Tinatsika ku Monkey Bay cha m'ma fili masana. Nyanja ili mbuu pakati pa mapiri awiri, sitima yakale itaima padoko, dzimbiri litadya penti. Alendo obwera m'mawa n'kubwerera madzulo anali pikitipikiti kujambulana. Bambo wina woperekeza alendo anatithamangira, akutchula zonse: nyumba zakale za ogwira ntchito padoko, anyani a m'miyala, ziboliboli, chambo chokazinga. Amayi anadikira kuti amalize, n'kumufunsa njira ya kumanda. Bamboyo anavula chipewa. Anatiperekeza kwa amfumu, poti kumanda salowako popanda chilolezo, ndipo kumeneko anatipatsa a Chikopa, mdzukulu wokumba manda, wokalamba, woyenda ndi ndodo.

"Musavutike," amayi anawauza. "Funani mtengo wa nachesi. Pano ndi waukulu, ukubereka."

A Chikopa anatsogola. Tinazungulira manda onse, mchenga ukuotcha m'mapazi. Munali minga, mlambe umodzi, ndi timitumbira ta ana tambirimbiri tophwathalala, topanda dzina. Amayi ankagwira tsamba la mtengo uliwonse, kulifikisa, kulinunkhiza. Titazungulira kachitatu, a Chikopa anaima.

"Amayi, ine ndakalambira m'manda muno. Nachesi kuno sakula. Mchengawu umapsereza mizu. Uyenera kuti unauma chaka chomwecho."

Amayi anakhala pansi. Zaka zonsezi, anthu a kumapiri ife, tinkaganiza kuti chimene chimamera ku Ligowe chimamera paliponse. Iwo anandiuza kuti nyengo ya manachesi iliyonse ankadzitonthoza kuti Esinati ali pamthunzi. Ndinalira, ndipo ndinakwiyira bambo, ngakhale sanalakwe kanthu.

Patapita nthawi, amayi anapempha a Chikopa ngati n'kololedwa kutapako mchenga. Anati tapani. Amayi anatapa dzanja limodzi pakati pa timitumbira tija, n'kuthira m'chubu cha mbande imene anabweretsa kuti adzale pambali pa mtengo wakalewo.

"Tiye, Esinati," anatero. "Kwanu ndi ku Ligowe."

Tinagona pa resiti hausi, m'mawa n'kubwerera njira yomweyo. Chambo sitinalawe. Anzanga akandifunsa kuti ndinaona chiyani kunyanja, ndimati sitima ndi anyani, poti zinazo sizifotokozeka pamsika.

Mbandeyo tinaidzala kuseri kwa nyumba, mchenga uja uli kumizu. Diso lachiwiri la amayi linatsekeka mvula isanagwe. M'mawa uliwonse amapapasa khoma mpaka kuseri, atanyamula kapu ya madzi, n'kuwerenga masamba ndi zala. Dzulo anandiitana kuti ndidzaone: nachesi uja wakula, wawafika m'bondo.