Mwana anagona pamimba panga, palibe anandifunsa ngati ndili woyembekezera

Ndangofika kumene kuchokera ku chipatala china chachikulu mu mzinda. Sindichitchula dzina. Eni ake adzidziwa okha.

Tadala wanga ali ndi zaka ziwiri. Wakhala akulira pokodza, thupi kutentha kosalekeza, mpaka adokotala anati akamujambule impso. Si kujambula wamba ayi. Amayamba amubaya mankhwala okhala ndi cheza, chonga cha ekisileyi, kuti makina aone m'kati.

Tinanyamuka ku Malomo m'mamawa, ine ndi apongozi anga. Titafika, pawindo lolandirira odwala ndinafunsa bwinobwino kuti mwanayu ndimukonzekeretse bwanji. Yankho lake: "Mumwetseni madzi ambiri, mayi. Wotsatira!" Basi.

Atamubaya, Tadala analira mpaka mawu kusasa. Anati tidikire maola awiri. Nanga mayi ungatani? Ndinamufungatira, mutu wake pamimba panga, mpaka anagona. Anamwino ankangodutsa, akundiona. Palibe anandichenjeza.

Atatha kujambula, ndikumanga chitenje kuti ndimubereke, namwino wina wachikulire anandiona ndikulavulira m'kansalu. Anaima.

"Asisi, kodi simuli oyembekezera inu?"

Pamaso pa apongozi! Ndinangozyolika.

"Aaa! Ndiye mwakhala mukumufungatira nthawi yonseyi? Woyembekezera safunika kuyandikana ndi mwana wobayidwa mankhwalawa mpaka mawa. Bwanji simunanene?"

Ndinene kwa ndani? Anandifunsa ndani? Kwathu mimba ya miyezi iwiri sitilengeza, mumadziwa inunso. Ankadziwa ndi bambo a Tadala okha. Setifiketi yanga ndi ya uphunzitsi, za cheza ndikanazilota?

Ndinafunsa ngati wam'mimbayu wavulala. Anati mwina palibe vuto, koma adokotala atuluka kale, ndibwerenso. Mwina! Mwana wanga akhale wa mwina?

Apongozi sanandikalipire. Anangondilanda chitenje, n'kumubereka okha, nati, "Amake Tadala, inu kakhaleni kutsogolo." Mu minibasi monse mwana ankatambasula manja kumbuyoko, "Amama, ndinyamuleni!" Ine maso pa msewu ngati sindikumva, misozi chuchuchu. Mayi wina anachita kunena mokweza kuti atsikana a masiku ano alibe chisoni ndi ana awo.

Kunena zoona, ndili ndi mantha. Mukandipweteka pang'ono m'mimba, ndikuthamangira kuchimbudzi kukaona ngati ndikutaya magazi. Tadala ali kunyumba kwa agogo ake, ndikumumva akundiitana, ndipo sindingapite.

Inu a chipatala, funso limodzi lokha, lonong'ona, musanabaye mwana, likanakuthyolani lilime? Ndikufuna dokotala andiyang'ane m'maso, andiuze za mwana ali m'mimbayu popanda "mwina".

Amayi anzanga, akakutumizani kojambula kotereku muli ndi pakati, nenani. Kokerani namwino pambali, munong'onezeni, ngakhale mwambo ukane. Iwo sakufunsani.