Kuseri kwa Zithunzi

M'tauni ina ya padoko, mlendo akatsika basi n'kufunsa njira ya kunsanja yakale ya nyali, anthu ankamulozera kachipinda ka kumbuyo kwa laibulale. Mmenemo munali mapu a boma lonse, timabuku ta misewu ndi malo ogona alendo, ndi mabokosi khumi ndi awiri a zithunzi zakale. Woyang'anira wake tauni yonse inkangowatcha a Zithunzi.

Tsiku lomwe ankayamba ntchito, bwana wa nthawiyo anawachenjeza kuti inki imadya chithunzi, asadzayerekeze kulemba kanthu kuseri kwake. Iwo anamvera mpaka kupyola muyeso. Za pensulo sanafunse, ndipo palibe anawauza. Kwa zaka makumi anayi, mayina a onyamula katundu padoko, osoka maukonde, ndi amene anamira chaka chomwe mafunde anagumula msewu wa kumunsi, onsewo ankakhala m'mutu mwawo basi. Kunena zoona, ankanyada nazo. Munthu akabwera kudzafuna agogo ake, iwo ankapisa dzanja m'bokosi osayang'ana n'komwe, n'kutulutsa nkhope yake, n'kuwonjezapo kankhani kamene abale akanakonda kuti kaiwalike.

Kenaka mutu unayamba kuwathawa. Poyamba zinali zazing'ono: makiyi, dzina la woyendetsa basi. Tsiku lina mayi wochokera kutali anawafunsa za bambo ake, iwo n'kungoima ndi bokosi m'manja, osakumbukira kanthu. Mayiyo anapita opanda kanthu. A Zithunzi anachita manyazi, komanso mantha: mutuwo ukatheratu, anthu onse a m'mabokosimo adzasanduka alendo m'tauni yawo yomwe.

Mwana wawo wamkazi, namwino wa pachipatala cha boma, anayamba kubwera Loweruka lililonse ndi mapensulo.

"Ababa, inu muzingotchula, ine ndizilemba."

"Iwe ufuna undiwonongere ntchito?"

"Ntchito mwaiwononga kale nokha ndi kuuma mutu kwanuku. Tiyeni."

Anaseka, n'kugonja. Masiku ena mayina ankangotuluka ngati madzi a pampopi, masiku ena bokosi lonse linkatha opanda ndi limodzi lomwe. Pamenepo ankanena motsitsa mawu kuti, "Lemba kuti osadziwika," ndipo zinkawapweteka ngati amukana munthuyo pamaso.

M'bokosi lachisanu ndi chiwiri munali chithunzi cha amayi asanu atakhala pamasitepe a doko, ukonde uli pamiyendo. Tsikulo mutu unali bwino. Anatchula woyamba, wachiwiri amene anali mlamu wa woyambayo, wachitatu, wachinayi. Atafika pa wakumapeto, amene ankaseka dzanja lili pachipumi potchinga dzuwa, dzina silinabwere. Anapukuta magalasi, n'kuyandikitsa chithunzicho kuwindo.

"Uyu ayi. Mwina anali wongodutsa. Lemba kuti osadziwika."

Namwino uja sanalembe. Chithunzi chomwecho, chachikulupo, chinali pakhoma la pabalaza kwawo kuyambira tsiku la maliro.

"Ababa, yang'anitsitsani."

"Ndayang'ana, mwanawe. Bwanji ukulira? Ukumudziwa?"

"Eya. Ndi amayi."

A Zithunzi anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ananso chithunzicho nthawi yaitali.

"Ndiye lemba msanga," anatero. "Ulembenso kuti anali akazi anga, kuti mawa ndikafunsa ungondiwonetsa."