Ndinagulitsa fulawa wonunkha parafini

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kugwetsa golosale ya azakhali anga m'masabata asanu okha, osaba ngakhale switi imodzi. Chida changa chinali maphunziro. Kukoleji ndinaphunzira za bizinesi chaka chimodzi ndi theka, kenaka ine ndi mayeso tinasiyana mwamtendere, aliyense n'kutenga katundu wake. Ine ndinatengako jekete ndi mawu akuluakulu achingerezi.

Golosaleyo ili ku Chibanja, mumzinda wa Mzuzu. Msana wake si mabisiketi kapena zakumwa ayi, koma amayi asanu okazinga mandasi amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzagula fulawa, shuga ndi mafuta. Mayi a azakhaliwo atadwala ku Nkhata Bay, azakhali anandisiyira makiyi ndi malamulo awiri okha. Matumba a fulawa asachoke pamatabwa, ndipo chigubu cha parafini chizikhala m'kachipinda kakuseri. Ndinayankha kuti yewo anti, uku mumtima ndikuwamvera chisoni, munthu wochita malonda zaka zonsezi opanda notsi.

Ndikhulupirira minibasi yawo inali isanatuluke n'komwe m'depoti pamene ine ndinayamba ntchito yokonzanso kampani. Ndinajambula pulani papepala, ndi rula. Ndinapeza kuti matabwa anayi ogonekedwa panjerwa aja akudya malo, komanso akunyozetsa shopu. Ndinawaponya kuseri, matumba n'kuwatsamiritsa kukhoma, pasimenti penipeni. Parafini ndinamubweretsa kutsogolo pafupi ndi fulawa, pa mfundo yakuti kasitomala aziona katundu yense nthawi imodzi. Kachipinda kaja ndinakasandutsa ofesi. Munali mpando umodzi ndi ineyo.

Kenaka ndinamva mphekesera m'tauni kuti fulawa akwera mtengo. Azakhali ankapikula matumba atatu, akatha n'kukatenga ena. Ine ndinakapikula khumi ndi awiri tsiku limodzi. Atsopano ndinawasanjika pamwamba, akale n'kutsalira pansi, chifukwa kusuntha matumba si ntchito ya munthu wa jekete.

Amene mumakhala ku Mzuzu mukudziwa kuti kuno mvula sidziwa kutsanzika. Kwina anthu atayamba kale kukolola, ife inali ikuwazabe, simenti ikuchita thukuta, khoma lili zii. Ndipo botolo lililonse la parafini lomwe ndinkayezera kasitomala linkasiya timadontho pansi.

Sabata yachinayi nditatsegula limodzi la matumba apansi aja, fulawa anali atachita mibulu, fungo lake ngati la nyali ya koloboyi. Apa ndi pamene pali tchimo langa. Zam'mbuyomo zinali umbuli, koma ichi ndinachichita maso ali gwa. Ndinasefa fulawayo, ndinamusakaniza ndi wabwino, n'kudziuza kuti mafuta otentha amapha chilichonse.

Sabata yomweyo kunabwera a NyaChirwa, mayi wamasiye amene anali kasitomala woyamba wa azakhali. Anali atapatsidwa ntchito yokazinga mandasi a pachinkhoswe cha mwana wa mkulu wa mpingo wawo ku Katawa, ndipo ankafuna theka la thumba. Ndikuwayezera, anakweza mphuno n'kundifunsa ngati fulawayo ali bwino. Ndinawayang'ana m'maso, munthu woti akanatha kundibereka, n'kuwauza kuti ndi fungo la thumba chabe.

Lolemba m'mawa anabwera ndi beseni lovundikira ndi chitenje, n'kuliika pakauntala. Munali mandasi, ena olumidwa kamodzi n'kusiyidwa. Sanakweze mawu.

"A Manejala, alendo akuti musunge awa, muziyatsa magetsi akazima. Ine ndinayamba kukazinga inu musanamere mano. Lero kutchalitchi akunditchula NyaParafini."

Ndinafunafuna liwu lachingerezi loyenera nthawi ngati imeneyi. M'chaka ndi theka chija sitinafikepo.

Nkhani ya ku Chibanja siikwera kabaza, imayenda yokha. Pofika Lachitatu amayi onse asanu anali atasamukira kugolosale ya tsidya lina la msewu. Ine ndinkangokhala mu ofesi muja, kuyembekezera aliyense wofuna machesi.

Azakhali atabwera anaima pakhomo, anayang'ana matumba, anayang'ana chigubu, kenaka ine. Ndinaulula zonse, mpaka chiphunzitso changa cha mafuta otentha. Sanandikalipire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandikalipira. Anatapa fulawa yemwe uja m'mbale, anakakazinga mandasi anayi, n'kundiikira patebulo ndi tiyi.

"Idyani, a Manejala. Mafuta apha chilichonse."

Ndinadya onse anayi, mwaulemu. Masiku awiri ndinkati ndikageya, ndimatalikira mbaula.

Matumba asanu ndi awiri tinataya. Ngakhale bambo wina woweta nkhumba atanunkhiza anatithokoza chomene n'kubwerera chimanjamanja. Tsiku lotsatira azakhali anandisenzetsa thumba la fulawa wabwino, jekete lili m'thupi, iwo patsogolo ine pambuyo, kudutsa Chibanja yense masanasana mpaka kunyumba kwa a NyaChirwa. Ndinagwada pakhonde n'kupepesa. Thumbalo analandira, koma anati fulawa amagulidwa, dzina siligulidwa. Ntchito za mandasi a kumpingo zinali zitapita kale kwa munthu wina.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene tinanunkhizako koleji, mukapeza matabwa mushopu ya munthu, funsani kaye ntchito imene amagwira musanawachotse. Pikulani katundu molingana ndi mmene amatulukira, osati mmene mphekesera ikuthamangira. Wakale azituluka poyamba, ngakhale msana upweteke. Zodyedwa zisagonere limodzi ndi parafini kapena sopo. Ndipo katundu akaonongeka, mutayeni inu mwini. Mukamugulitsa, mwangosamutsira tsoka lanu kwa munthu amene anakukhulupirirani.

Matabwa aja ndinawabwezeretsa ndekha, ofesi inabwerera kwa mwini wake parafini, ndipo udindo wanga pano ndi wosesa ndi kusuntha matumba. Mwa amayi asanu aja anabwerera awiri. A NyaChirwa amadutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse ndi beseni lawo. Ndimaimika tsache n'kuwapatsa moni. Amayankha bwinobwino, mwaulemu wonse, kenaka amawoloka msewu.