Mayi Feggie ndi Shedi ya Magalimoto

Mayi Feggie Makwinja adafika ku Kasungu ali mtsikana, atakwera lole ya matenanti kuchokera kwawo ku Phalombe. Zaka makumi awiri ndi zitatu adazithera pa esiteti ina ya ku Kaomba, kusoka fodya ndi kusankha masamba mpaka zala zidada. Amuna awo atamwalira, mwini esiteti adafuna nyumba yake, ndipo mayiwo adalowera kutauni ndi ndowa ndi mkeka basi.

Kumeneko adapeza ntchito yosesa pa nyumba zosanjikizana za a Gomezgani Chirwa, momwe munkakhala anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a fodya. Kuseri kwa nyumbazo kudali shedi yosungiramo magalimoto ndi njinga zamoto, ndipo shediyo ndi imene inkawasowetsa mtendere a Chirwa. Dzuwa likuswa mtengo, eni ake ali kuntchito, mabatire ankasowa, magalasi ankazulidwa. Adakweza mpanda. Adagula maloko. Adalemba mlonda wa chibonga, koma iye ankasinza pageti lakutsogolo zinthu zikutha kuseri. Mabanja awiri adasamuka.

Tsiku lina a Chirwa ali chiimire pashedi paja, manja ali m'chiuno, adamva tsache lasiya kulira.

"Bwana, ndinene?" adatero Mayi Feggie.

"Nenani, mayi."

"Mpanda mwakwezawu mwamangira akuba. Akalowa amagwira ntchito mosatekeseka, wowaona palibe. Ku esiteti tidali ndi zigafa zambiri. Zonse ankabamo fodya, kupatula chapafupi ndi chitsime. Pamenepo sipankatha amayi."

A Chirwa, munthu woti sukulu adafika nayo patali, adangoti, "Ndiye titani?"

Mayiwo adaloza ndi tsache. Mpopi uchoke kutsogolo ubwere pashedi. Zingwe zoyanikira zovala zibwerenso pomwepo. Khoma loyang'ana kumakhitchini aligwetse lilekeze m'chiuno. Ndipo patsinde pa mango aikepo benchi, madala a m'nyumbamo azisewererapo bawo.

Pasanathe mwezi, kuseri kuja kudasanduka bwalo. Wina akuchapa, wina akuluka mnzake tsitsi, madala akukangana pabawo. Magalimoto akangotuluka m'mawa, Mayi Feggie ankasesa dothi la pakhomo pa shedi n'kulisiya losalala, ndipo pofika masana ankadziwa phazi lililonse limene ladutsapo. A Chirwa adawayesa kamodzi. Adalowa mozemba atavala nsapato za mlamu wawo. Madzulo ake mayiwo adati, "Bwana, nsapato zobwereka zija zikukuthinani. Mumatsimphina kumanzere."

Koma chimene a Chirwa saiwala chidachitika Lachitatu lina m'nyengo yogulitsa fodya. Ali pakhonde lam'mwamba, adaona bambo wovala ovolosi akulowa ndi bokosi la masipanala. Bamboyo adauza amayi a pampopi kuti watumidwa ndi a Olive, namwino wokhala m'nyumbamo, kuti akakonze njinga yawo yamoto. Dzina adalitchula bwinobwino, nambala ya khomo yomwe.

Mayi Feggie adamunjutira, kumupatsa moni wa manja awiri, n'kumukhazika pabenchi. Adamufunsa kwawo, chiwongo chake, ndi mmene mvula idagwera kumeneko. Madala a bawo adasendera, wina uku wina uku. Munthu uja adayamba kuyang'anayang'ana kugeti, thukuta lili kamukamu. Kenaka adadzambatuka n'kuliyatsa liwiro, bokosi kulisiya pomwepo. Anthu atalitsekula adapezamo mulu wa makiyi a njinga zamoto. A Olive ataimbiridwa foni adati sadatume munthu aliyense.

A Chirwa adatsika masitepe.

"Mwamudziwa bwanji, mayi?"

"Dzanja lake, bwana. Lofewa ngati la khanda, zikhadabo zili mbee. Makaniko wanji wopanda girisi?"

A Chirwa adawayang'ana mayiwo nthawi yaitali, ngati akuwaona koyamba. Munthu ameneyu ankasesa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku, iwo n'kumamudutsa ngati mtengo.

Mbiri idamveka m'tauni. Eni malo ogona alendo adabwera kudzaona shediyo, akuyembekeza kupeza makamera, ndipo a Chirwa ankangowalozera mpopi ndi mayi wa tsache. A Chirwa adawapatsanso Mayi Feggie chipinda chapansi, cha zenera loyang'ana kushedi.

Chaka chatha a Chirwa ataganiza zomanga nyumba zina, pulani adayamba kuionetsa Mayi Feggie asanapite nayo kwa amisiri. Mayiwo adalitembenuza pepalalo uku ndi uku, n'kulibweza.

"Kuwerenga sindidziwa, bwana. Munditengere pamalopo ndikaone ndekha kumene anthu amadzera."

Adapita nawo tsiku lomwelo, atawakhazika mpando wakutsogolo.